Mlongo Wanga ndi Liwu Loti Basi

Mlongo wanga anapita kwa Aluya chaka chimene chimanga chinapsa ku Lirangwe chisanatulutse ngayaye. Anali ndi ana awiri, mtsikana ndi mnyamata. Mwamuna wake anali atapita ku Joni kalekale, ndipo nambala imene anasiya inali itaferatu. Amayi athu anali atatisiya. Kumudzi kunatsala iyeyo, anawo, ndi abambo athu amene maso anali atayamba kuchita nkhungu. Ine ndinkakhala ku Chileka, kumene ndimasoka zovala pakhonde la golosale ina mpaka lero.

Nkhani ya ulendowu inabwera ndi mayi wina wa m'tauni amene anayamba kuonekera pamsika wa Lirangwe masiku a msika. Sankagula kanthu. Ankakhala pamthunzi n'kumaonetsa amayi zithunzi za pafoni: atsikana a konkuno ataima m'makhitchini owala, atavala zoyera, akumwetulira. Ankati ntchito yake ndi yomwe mkazi aliyense amagwira pakhomo popanda womuthokoza, kuphika, kuchapa ndi kulera ana. Za pasipoti ndi za ndege ankati adzakonza yekha.

Popeza ndine mwini mbumba, anandiitanitsa kumudzi. Tinakhala atatu pakhonde. Ndinafunsa mafunso onse amene ndinali nawo, ndipo mlongo wanga anayankha lililonse ndi funso lake. Ankafuna ndimuuze chimene adye ana mpaka mvula ina. Makala amene ankapikula kumapiri anali atavuta chifukwa mitengo inali itatha, ndipo ganyu kunalibe popeza olemba ganyuwo minda yawo inali itapsanso. Abambo anasisita bondo, kenako anati, "Ngati mtima wako wafuna, mwanawe, basi."

Liwu limeneli linali ndi mbiri yake pakhomo pathu. Abambo anali ndi mnzawo wa pamtima, Myao wa Chisilamu, amene pa unyamata wake ankayenda ulendo wa ku Dar es Salaam kukatenga nsalu ndi mbale. Awiriwa ankasewera bawo kuseri kwa msika, ndipo ankakangana pa chilichonse, mvula, ndale, ngakhale mtundu wa nandolo wobereka bwino. Mkangano umene sunkatha unali wa kumene liwu loti basi linachokera. Abambo, amene anali Mlomwe, ankati liwuli linabwera ndi abambo awo pothawa ku Mozambiki. Kumeneko Mpwitikizi akakhuta kuona munthu akukwapulidwa ankakweza dzanja n'kunena kuti basta, ndipo wokwapulayo ankaleka. Ankati anthu athu anawoloka malire ndi makasu, mbewu za chinangwa ndi liwu limenelo.

Mnzawoyo ankaseka mpaka kutsokomola. Ankati Apwitikizi analipeza liwuli lili kale m'kamwa mwa anthu. Aswahili a kugombe amati basi monga ife, ndipo iwo analitola kwa amalonda a m'zombo ochokera kwa Aluya ndi ku Perisiya. Ayao ndiwo analisenza kubwera nalo kuno pamodzi ndi mikanda.

Nanenso ndinali ndi kanga koponyapo. Ntchito yanga ndinaiphunzirira m'sitolo ya nsalu ya Mmwenye wina ku Limbe. Ndikamafunyulula nsalu patebulo, ikafika pamene wogula wafuna, bwanayo ankagogoda tebulo n'kunena kuti bas, bas. Poyamba ndinkayesa kuti akulephera Chichewa. Tsiku lina anandiuza kuti limenelo ndi liwu la kwawo, ndiponso kuti kwawoko galimoto yonyamula anthu amaitchulanso bas, monga ife timachitira. Za galimotoyo wansembe wa ku tchalitchi kwathu anatiuzapo kuti ndi nkhani ina. Angerezi anangodula mchira wa liwu lalitali la Chilatini lotanthauza kuti ya onse, mchirawo n'kukhala dzina. Nditawafotokozera abambo zimenezi anati ndiye chifukwa chake imadzaza chonchi.

Mlongo wanga anakulira m'mikangano imeneyi, koma sankalowererapo. Ankangoti amuna akasowa chochita amakangana ndi za mphepo.

Ananyamuka mmawa wina wa m'chilimwe. Anagona kwathu ku Chileka pamodzi ndi ana, chifukwa tinagwirizana kuti anawo atsale ndi ine ndi mkazi wanga. Abambo sanabwere, anati maso. Pabwalo la ndege panali atsikana ena anayi kapena asanu a ulendo womwewo, onse atanyamula zikwama zatsopano zofanana. Mayi wa zithunzi uja anawalondolera mpaka pakhomo n'kubwerera. Ife tinaima kumpanda mpaka ndegeyo inasanduka kadontho cha kumapiri.

Uthenga woyamba unafika patatha masiku angapo. Sankakonda kulemba, choncho ankajambula mawu pafoni n'kutumiza, ine n'kumawapeza mmawa ndikamatsegula makina. Anati nyumbayo ndi yosanja, zipinda zosawerengeka, ndipo kunja kumatentha kuposa Lirangwe mu Okutobala. Anati anthu ake amayankhula ngati akutsuka kukhosi ndipo sakutolapo kanthu. Kenako anayamba kuseka.

"Achimwene, mukawauze ababa kuti aluza. Chichewa chilipo kuno. Ndimathira tiyi m'kapu ya adona, itadzaza akuti bas. Ndinatsala pang'ono kugwetsa ketulo."

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Lirangwe ndi uthengawo. Ndinawapeza awiri aja pabawo. Mnzawo wa abambo atamva anaimirira n'kuvina pang'ono ndi ndodo yake, anthu a pamsika akuyang'ana. Abambo anakana kugonja. Anati mwina Mpwitikizi anafikanso kumeneko. Anapempha kuti ndiubwereze uthengawo, ndipo ndinaubwereza kangapo, iwo atagunditsa khutu pafoni. Ankaseka, misozi ikutsika m'maso odwala aja. Sindinadzawaonenso akuseka chotero.

Miyezi yoyambayo zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda. Kangachepe kankafika, ana ankadya, ndipo mwana wake wamkazi anabwerera kusukulu. M'mauthenga ake mlongo wanga ankatchula kawirikawiri mayi wina wa ku Indonesia amene anamupeza m'nyumbamo. Anali wamkulu kwa iye, wamfupi, wotha mano akutsogolo, ndipo anali atagwira ntchito pakhomopo zaka zambiri. Ankagona chipinda chimodzi kuseri kwa khitchini. Analibe chiyankhulo chowalumikiza, ndiye ankayankhulana ndi manja. Mayiyo ndiye anamuphunzitsa makina ochapira, kasitidwe ka mikanjo ya bwana, ndiponso kuyang'ana pansi adona akamayankhula. Mlongo wanga ankamutchula kuti achemwali anga a kuno.

Chakudya chawo chinali chotsala cha eni nyumba. Tsiku lina kunatsala mpunga umene unakhalitsa panja pa furiji. Mayi uja anautenga, anaununkhiza, n'kumuyang'ana mlongo wanga, nati, "Basi." Mlongo wanga anamva monga tikanamvera tonsefe, kuti ndi womwewu, wina kulibe. Anadya. M'mimba munamupweteka mpaka tsiku linzake, akukolopa masitepe uku akuthamangira kuchimbudzi. Atachira, mayiyo anamufotokozera mogwira mphuno ndi kuloza m'bini kuti m'chiyankhulo cha kwawo basi ndi chakudya chosasa, choyenera kutaya.

Anandiuza nkhaniyi ngati yoseketsa, koma kusekako kunali kouma. Ndinamujambulira mawu omufunsa ngati mpungawo sunkamveka fungo. Yankho linabwera lalifupi.

"Unkamveka, achimwene. Ngakhale ndikanamva zimene amanena, ndikanadyabe."

Uthenga umenewu sindinapite nawo ku Lirangwe.

Kuchokera pamenepo mauthenga anayamba kufupika ndi kutalikirana. Zambiri ndinkachita kulumikiza ndekha. Pasipoti anamulanda tsiku lomwe anafika. Akamaliza ntchito ya m'nyumbamo ankamutengera kunyumba za abale a adona kuti akayambe ina. Mankhwala otsukira anamung'amba manja, ndipo miyendo inayamba kutupa moti nsapato zinaleka kulowa. Kangachepe kaja kanasiya kubwera. Atapempha kuti apite kuchipatala, adona anakweza dzanja n'kunena liwu lija. Atapempha kuti abwerere kwawo, analinenanso. Anandiuza kuti kumeneko liwulo limatanthauzanso kuti tseka pakamwa, ndipo akalinena kachiwiri chotsatira ndi khofi.

Kenako mayi wa ku Indonesia anadwala chifuwa. Anatsokomola milungu ingapo akugwirabe ntchito, mpaka mmawa wina dalaivala wa pakhomopo anamukweza m'galimoto ndi kachikwama kake. Mlongo wanga ankatsuka bafa m'mwamba ndipo anangoona pawindo galimoto ikutuluka pageti. Palibe amene anamuuza kumene anapita naye. Uthenga umene anandiuzira zimenezi unali womaliza. Ndinajambula mawu kambirimbiri, koma foni inkaonetsa kuti sakufika.

Ndinapita m'tauni kumene mayi wa zithunzi anati kuli ofesi yake. Ndinapeza kachipinda kogulitsiramo mafoni akale, ndipo mnyamata wa mmenemo anati iye anapeza muli mopanda kanthu. Ndinayenda m'maofesi osiyanasiyana. Kulikonse anandilandira mwaulemu, kundipatsa mpando, kumvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti ndidzabwerenso. Ndinkabwerera ku Chileka madzulo nditataya tsiku la ntchito, anthu a zovala zawo akundidikira pakhonde ndi nkhope zokwinya.

Amene anayesetsa kwambiri anali mnzawo wa abambo. Anafunsafunsa kumzikiti mpaka anapeza mwalimu wina wa ku Mdeka amene anaphunzira kwa Aluya ndipo chiyankhulocho amachidziwa bwino. Ndinali ndi nambala ya bwana wa nyumba ija, imene mlongo wanga ananditumizira kale kuti ndisunge. Tinakhala pansi pa mtengo panja pa mzikiti, mwalimuyo n'kuimba. Anapereka moni wautali, mawu ake ofatsa, akuweramitsa mutu ngati munthuyo akumuona. Mbali inayo inayankha mwachidule n'kudula. Mwalimu anatsitsa foniyo. Kenako anatiuza kuti bwanayo akuti anagula ntchito ya mayiyo ndipo nthawi yake sinakwane. Titayesanso, foni sinalowe.

Abambo ndinkawauza kuti mwana wawo ali bwino, kungoti mafoni a kumeneko akuvuta. Ankavomera ndi mutu. Patapita nthawi anasiya kufunsa, ndipo pabawo anasiya kupitapo. Ankakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu kumene sankakuona. Anamwalira m'nyengo ya dzinja, atadwala masiku ochepa chabe. Pamaliro mnzawo uja anakhala pamphasa kunja kwa nyumba kuyambira tsiku loyamba mpaka tinabwera kumanda, akwaya akuimba nyimbo zimene sizinali za chipembedzo chake. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati tsopano alibe womutsutsa. Nayenso sanakhalitse.

Ana anazolowera kwathu monga ana amazolowerera. Mtsikanayo, amene anali atayamba kusinkhuka, anasiya kutchula amayi ake. Anzake akamufunsa ankati ali kunja, n'kusintha nkhani. Ku Chileka ndege zimadutsa pamwamba pa madenga athu, ndipo iye yekha pakhomopo ndi amene sankatukula mutu.

Mvula inagwa n'kutha, inanso n'kubwera. Tsiku lina masana ndikusoka yunifolomu, foni inalira ndi nambala yachilendo. Anali mayi wina wa ku Malawi konkuno amene ankathandiza atsikana otsekeredwa m'mayiko amenewo. Anati mlongo wanga ali moyo. Miyendo itafika poti sangathe kukwera masitepe, eni nyumba anamutula kwa anthu amene anamubweretsa, ndipo kumeneko anakhala miyezi m'chipinda chimodzi ndi amayi ena ambiri a mayiko osiyanasiyana, kudikira. Anthu akufuna kwabwino anali atasonkha za ulendo wake. Ndinafuna kufunsa zambiri. Ndinangothokoza.

Anatera pa Chileka tsiku lotentha, atavala mkanjo wakuda wofika kumapazi ndi patapata, m'manja muli jumbo. Ankayenda ngati akuponda minga. Ndikanapanda kumva mawu ake ndikanamudutsa. Anagwira ana kumutu mmodzimmodzi, nadabwa kuti atalika. Kenako anandiyang'ana.

"Ababa ali bwanji?"

"Tiye tikafike kaye kunyumba, chemwali."

Sanafunsenso. Tikuyenda kupita kunyumba anangoti ankadziwa, chifukwa anawalota atavala jekete la kutchalitchi.

Titapita naye kumanda ku Lirangwe sanalire. Anaima nthawi yaitali, kenako anafunsa amene ankalima munda chikhalirecho. Ndinati ndinkabwera ndikapeza mpata. Anati zikuoneka.

Anatenga ana n'kubwerera kumudzi. Anthu anabwera kudzamuona masiku oyambirira, maso ali m'ngodya za nyumba kufunafuna masutikesi. Atawasowa, mbiri inayenda yoti wabisa chuma ndipo akudzisaukitsa dala kuopa kupemphedwa. Ena a pachibale anasiya kumupatsa moni. Amayi ena anabwera mwamseri kudzamufunsa njira yopitira. Anawaonetsa manja ake, iwo n'kunena kuti iyeyo anangochita tsoka pa nyumba.

Manjawo sanachire. Khasu ankaligwira kanthawi kochepa, zala n'kuuma. Kuchipatala anamupatsa mankhwala opha ululu n'kumuuza kuti apume. Anayesa kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu, koma pamenepo ogulitsa ndi ambiri kuposa ogula, ndipo galimoto ikaima amene amafika pawindo ndi wothamanga. Iye ankafika galimoto ikunyamuka. Mtsikana wake anayamba kujomba kusukulu kuti azimuthamangira, mpaka anasiyiratu.

Za kumene anachokera sankazikamba. Ine pa nthawi ya chete ija ndinali nditayamba chizolowezi chofufuza za liwu lija pafoni ndikasowa chosoka, mwina chifukwa chinali chinthu chokhacho chokhudza iye chimene ndikanatha kuchifufuza n'kupeza yankho. Tsiku lina tikusola nandolo pakhonde ndinamuuza zimene ndinapeza. Ndinati zikuoneka kuti mnzawo wa abambo ndiye ankanena zoona, kuti basi wathu ndi wa Aswahili, Amwenye ndi Aluya ndi mmodzi, ndipo gwero lake amaloza ku Perisiya. Basta wa Apwitikizi akuti ali ndi makolo ake ena, anangofanana nkhope. Wa galimoto ndi mlendo, ndipo wa mpunga wosasa alibe ubale ndi aliyense wa amenewa. Ndinaonjeza kuti kuli dziko lina kumene basi ndi mowa wa nzimbe, poganiza kuti aseka.

Anapitiriza kusola. Patapita kanthawi anati, "Nanga zimenezo zikuthandiza chiyani, achimwene?"

Ndinamufunsa ngati anamvapo za mayi wa ku Indonesia uja. Anati ayi. Anati m'chipinda chodikirira chija anafunsa aliyense wooneka ngati wa kumeneko, koma analibe poyambira, chifukwa dzina limene ankamuitanira m'nyumba ija linali lopatsidwa ndi adona, ndipo lenileni sanalidziwe. Mudzi wake sankaudziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti anali ndi ana atatu, popeza anamuonetsa ndi zala. Anati mayiyo ankamusisita miyendo ndi mafuta ophikira obisa m'kabotolo. Apa analowa m'nyumba ndi lichero.

Chaka chino mvula inayamba bwino n'kudula mu Januwale. Ndinapita kukaona munda, ndipo tinayenda awiri m'mizere, chimanga chikutifika m'mawondo, masamba atapotana ngati zingwe. Titafika kumalire kumene kuli chulu anaima n'kundiuza kuti pasipoti yake, imene anamubwezera pobwera, waipereka kwa bambo wina wa ku Lunzu wotumiza anthu kunja. Anati ulendo uno ndi dziko lina, ndipo akuti kumeneko nyumba zake ndi zazing'ono, zopanda masitepe.

Ndinakalipa. Ndinamukumbutsa mmene anatsikira ndege, ndinamuuza kuti ayang'ane miyendo yake, ndinati abwere ku Chileka tizidya chomwe chilipo. Anandisiya mpaka ndinatopa. Amadziwa mmene khonde langa likuyendera masiku ano, kuti anthu akugula kaunjika ndipo kwa telala amangobwera kudzachepetsa.

"Kuja ndinkavutika ndekha," anatero. "Kuno tikuvutika atatu."

Ndinamufunsa ngati ana akudziwa. Anati mnyamata sanamuuze. Mtsikana anamva, ndipo wanena kuti iye ku Chileka sabwera, atsala pamsewu ndi tomato. Pali mwamuna wina wogulitsa makala amene wayamba kumuimitsira njinga.

Pasipotiyo ndinayesa kukailanditsa. Bambo wa ku Lunzu anandilandira bwino, nandiuza kuti inapita kale kutsogolo ndipo mwini wake ndi wamkulu, anabwera ndi miyendo yake. Mlongo wanga atamva kuti ndinapitako sanandiyankhule kwa milungu iwiri kapena itatu.

Pano akudikira kuitanidwa. Mmawa uliwonse amayenda pang'onopang'ono kupita kumsika kukatchajitsa foni pa shopu yometera, n'kukhala pabenchi panja mpaka idzadze, kuopa kuti angaimbe ili yozima. Mkazi wanga sindinamuuzebe kuti mnyamatayo akubweranso kudzakhala nafe.